Karabo ndi Tau, ndi zimene amayi anga anachita pa mbaula

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Kabwata. Dzina lake ndilisunga. Akuti bwenzi lake, limene akukonzekera nalo ukwati, limamuseka chifukwa mpaka lero amanena kuti Karabo ndi Tau a mu Generations, sewero la pa TV la ku South Africa, anabadwirana. Mnyamatayo akuti Tau chinali chigawenga chovala suti, ndipo mkazi amene amakopeka ndi banja lotere ndiye amene adzapirire zopusa zilizonse m'nyumba mwake. Funso lake linali lalifupi: "Asisi, kodi ndili ndi vuto?"

Mng'ono wanga, ndakhala masiku atatu osakuyankha. Funso lako linandibwezera ku Chilenje, pa mphasa ya m'nyumba ya eni ake, ndili mtsikana wa ku sekondale.

Ife kwathu kunalibe TV yogwira za kunja. Imene inalipo inali ya mayi wina wopuma pa ntchito ya unamwino, nyumba yachitatu kuchokera pa yathu, amene mwana wawo anawamangira dishi padenga. Ikamakwana 8 koloko usiku, 20 awazi monga tinenera kuno, Lolemba mpaka Lachisanu, pabalaza pawo pankadzaza. Nthawi ya ku Joni ndi ya ku Lusaka ndi imodzi, ndiye seweroli likayamba kumeneko pa tchanelo cha SABC1 nafe tinkayambira limodzi. Ana pansi, akuluakulu pa mipando, nsapato zonse panja pa khomo. Malaiti akazima pakati pa sewero munkamveka kubuula ngati pamaliro.

Amayi anga ankagulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Chilenje. Chizungu ankachimva pang'ono, ndipo Chizulu ndi Chisotho zimene anthu a m'seweromo ankasakaniza sankazimva n'komwe. Ine ndinkakhala pa mapazi awo n'kumawerenga timawu toyenda m'munsi mwa TV tija, n'kumawanong'oneza m'Chichewa. Ankabwera ndi kabeseni ka nshawa kuti manja asakhale chabe, akuswa uku akuonera, manja akununkhabe kapenta ngakhale atasamba ndi sopo. Koma Tau akangolowa m'chipinda mmene muli Karabo, kuswa nshawa kunkaima. Ndikayamba kumasulira ankandigwira phewa. "Khala chete, apa ndikumva ndekha." Ndipo ankamvadi.

Nthawi imeneyo atate anali atachoka. Anali dalaivala wa mathiraki, njira yawo inali ya ku Chirundu, kudutsa Zimbabwe, kuwoloka pa Beitbridge mpaka Johannesburg. Ulendo wina anapita ndili giredi 5 ndipo sanabwerere. Poyamba ankatumiza ndalama kudzera kwa anzawo, kenako zinaleka. Tinamva kuti ali ndi mkazi wina kumeneko, tinamvanso kuti anamangidwa, wina anati anamwalira. Zaka 8 zinatha. Achibale a ku Katete anauza amayi kangapo konse kuti abwerere kumudzi, amuna osachepera awiri anabwera kudzafunsira, mmodzi anali ndi golosale yake ku Libala. Amayi ankawalandira bwino, kuwapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pa geti.

Atate anabwera mu Januwale, mvula ikugwa, ataonda, ali ndi kachikwama kamodzi ndi chifuwa chosatha. Amayi anali pakhonde akuphika nsima pa mbaula. Ine ndinaimirira mtima ukugunda, ndikudikira kukuwa, kapena kulira, kapena mthiko kuuluka. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga kapu, n'kuthira madzi ena mumphika, n'kundiuza kuti ndibweretse ufa wina. Basi.

Anthu akamva pamenepa amati, eya, ndiwo amayi akale, opirira. Kuno ku Lusaka mpaka tinapatsa ukwati dzina loti shipikisha, ngati kuti ntchito ya mkazi m'banja ndi kuluma mano mpaka kumanda. Ine mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amene amawanena sanaone zimene zinatsatira. Atate anadya nsima usiku umenewo, inde, koma anagona pabalaza, pa mphasa, kwa miyezi 6. Amayi anaitanitsa ankhoswe kuchokera ku Katete ndi ndalama zawo za tomato, ndipo pamaso pa ankhoswewo ananena zofuna zawo chimodzichimodzi: ayambe apita kuchipatala akayezetse, ndalama za pa msika asazikhudze, mapepala a nyumba akhale m'dzina la amayi, ndipo anene zonse zimene anachita ku Joni popanda kubisa kanthu. Atate ananena. Ife ana anatitulutsa, koma zipupa za nyumba za ku Chilenje mukuzidziwa. Amayi anamva zonse, zonyansa ndi zochititsa manyazi zomwe, ndipo atamva anasankha. Akanatha kuwathamangitsa, nyumba inali yawo, chakudya chinali chawo, ana tinali kumbali yawo. Anasankha munthu amene ankamudziwa mpaka m'matumbo.

Zimenezi ndi zomwe ndimaona mwa Karabo ndi Tau, ndipo palibe amene adzandichotse pamenepa.

Taganiza kuti Karabo anali ndani. Mwana wa banja la Moroka, eni kampani yotsatsa malonda ya New Horizons. Generations inayamba mu 1994, chaka chimene South Africa inachita chisankho choyamba cha anthu onse, ndipo Mfundi Vundla amene anaiyambitsa anaika pa TV anthu akuda ovala bwino, okhala m'maofesi awoawo, olemba anzawo ntchito. Kwa ife atsikana a m'makomboni a Lusaka, Connie Ferguson akamayenda mu ofesi ija ngati Karabo, tinkaona chinthu chimene sitinachionepo. Mkazi wotere sasowa mwamuna womudyetsa. Vuto lake ndi lina: amuna ena amafuna dzina lake ndi chuma chake, ena amachita naye mantha n'kuyamba kumuchepetsa kuti iwo aoneke aatali. Ndawaona amuna a mitundu iwiri yonseyi pa moyo wanga, wina ndinatsala pang'ono kukwatiwa naye. Tau Mogale sanali m'gulu lililonse mwa awiriwa. Anali ndi zake, anali ndi mbiri yake yakuda, ndipo Rapulana Seiphemo ankamusewera ndi mawu apansipansi aja, osathamanga, ngati munthu amene waona zoopsa zambiri moti mkazi wamphamvu sangamuopse. Akaima pamaso pa Karabo ankaima ngati anthu awiri ofanana msinkhu. Karabo akakwiya, Tau sankanjenjemera ndiponso sankamunyengerera ngati mwana. Ankamumvetsera.

Mayi wa unamwino uja, amene anagwirapo ntchito ku Botswana, ndi amene anatiuza kuti m'Chitswana ndi m'Chisotho Tau ndi mkango, ndipo Karabo ndi yankho. Amayi anga anaseka n'kunena kuti mkango umene wapeza yankho lake umagona pansi.

Bwenzi lakolo silikunama kuti Tau sanali woyera. Sindingamuikire kumbuyo pa zonse. Koma chimene anthu onena zimenezi amaiwala n'choti Karabo sanapusitsidwe. Sanali kamtsikana kongotsika basi pa Intercity kamene kakopeka ndi galimoto. Ankadziwa munthu amene ali naye. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mkazi amene akukhala ndi mwamuna chifukwa alibe kopita, ndi mkazi amene makomo onse ndi otsekula koma wakhala. Woyambayo ndimamulirira, ndipo ndikakumana naye ndimamuuza kuti athawe. Wachiwiriyo ndimamuvulira ulemu. Kuwaika m'thumba limodzi n'kunyoza onse awiri, ndipo alangizi ena amene amaphunzitsa atsikana pa kicheni pate kuti banja ndi kupirira basi, osawaphunzitsa kufunsa mafunso, akuwononga ana a eni. Ndanena ndanena.

Chinanso chimene chimandigwira mtima ndi nthawi. Chikondi cha masewero ambiri chimapsa msanga ngati moto wa mapesi, sabata ino akumana, sabata yamawa ukwati. Awa ayi. Seiphemo anachoka mu seweroli n'kukakhala zaka mu sewero lina lotchedwa Muvhango. Connie Ferguson anachoka mu 2010 atasewera Karabo zaka 16. Tinkaganiza kuti zatha. Kenako mu Ogasiti 2014 ochita sewero 16 ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, onse anachotsedwa, ndipo Generations inazima pa TV kwa miyezi iwiri. Nkhani imeneyo inandipweteka payokha, chifukwa ena mwa anthu amenewo tinakula nawo ngati achibale, ndipo munthu wopempha malipiro oyenera thukuta lake sanalakwe. Koma itabwerera mu Disembala 2014 ndi dzina loti Generations: The Legacy, amene anaitanidwa kuti adzaimike nyumba yogwayo anali Karabo ndi Tau. Eni sewero ankadziwa kumene mitima ya anthu inatsalira. Pamenepo n'kuti timadikoda totchipa tija togwira SABC mwaulere titasiya kugwira, ndiye ine ndinkaonera pa foni, pa YouTube, kuwerengera mabandulo. Gawo loyamba ndinakaonera kwa amayi ku Chilenje, foni titaitsamiritsa ku botolo la saladi. Atate anali atamwalira kale. Amayi atawaona awiriwo, nkhope zonse zitakhwima, anangoti, "Akalamba limodzi." Sanalankhulenso mpaka linatha.

Nanga za Zola?

Ndikudziwa kuti bwenzi lako lidzatulutsa nkhani imeneyi, ngati silinaitulutse kale. Mu 2016 Karabo, ali pa banja ndi Tau, ananena kuti akufuna kutenga mwamuna wachiwiri, Zola Radebe, amene ankaseweredwa ndi Mutodi Neshehe. Anthu anakwiya kuyambira ku Joni mpaka ku saluni ya ku Kamwala kumene ndinkalukitsa tsitsi. Inenso sindinakondwe, ndisaname. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti olemba sewero anafuna phokoso kuposa choonadi cha anthu awiriwa.

Koma mkwiyo wa amuna ena pa nkhani imeneyi sindinaulandire. Amuna omwewo amakhala pansi madzulo kuonera sewero la Mpali pa tchanelo cha Zambezi Magic, n'kumaombera m'manja Nguzu ndi akazi ake ambirimbiri pa famu paja, amati ndiye mwamuna weniweni. Mitala ikakhala ya mwamuna ndi chikhalidwe, mkazi akangoitchula ndi uhule. Ine mitala sindiifuna ya mbali iliyonse, ndinaona zimene inachita kwa azakhali anga ku Katete, amene anamwalira osalankhulana ndi mkazi mnzawo ngakhale ankatunga pa chitsime chimodzi. Koma ngati tikudana nayo tidane nayo yonse. Ndipo ngakhale mu nkhani yoipa imeneyi muli kanthu kamene kamatsimikiza zimene ndikunena: Karabo sanabise chimene ankafuna. Anapita kwa Tau n'kumuuza m'maso. Ndi mabanja angati kuno ku Lusaka amene angathe kuuzana choonadi chowawa chotere atakhala pa tebulo limodzi? Ambiri timamvera kwa aneba, kapena pa foni imene yaiwalika pa mpando, kapena pa maliro pamene ana osadziwika atulukira.

Atsikana a masiku ano ali ndi Zuba ndi Thando wawo a mu sewero la Zuba, ndipo mwana wa mchemwali wanga amalira nawo monga mmene ine ndinkalirira ndi awa. Sindimuseka. Munthu akamaonera anthu awiri pa TV n'kumawafunira zabwino ndi mtima wonse, nthawi zambiri pali wina amene akumuona kumbuyo kwawo. Amayi anga ankaona mwamuna amene anawoloka Chirundu. Atate atachira, zaka zinayi zomaliza za moyo wawo, tsiku lililonse 17 awazi ankapita pa msika kukasenza beseni la amayi, amuna anzawo akuwaseka kuti adyetsedwa. Ankayenda kutsogolo ndi beseni, amayi pambuyo akumanga ndalama pa nsonga ya chitenje, akukangana za mtengo wa makala njira yonse mpaka kunyumba.

Tsono iwe mng'ono wanga, ulibe vuto. Koma usalimbane naye za Tau, mufunse funso lomwe amayi anafunsa atate: pali chimene wandibisira chomwe ndiyenera kudziwa tisanapite kwa ankhoswe? Nawenso umuuze zako. Akayankha, ngakhale yankho likhale lowawa, muli ndi poyambira. Akaseka n'kusintha nkhani monga amachitira ukatchula Karabo, uwauze ankhoswe ako adikire kaye, ndipo undilemberenso.