Kotesheni yakwera, mmisiri akuti ndi msonkho: akunena zoona?

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera imelo sabata ino. Akumanga nyumba ya zipinda zitatu m'malo mwa imene inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Khoma lafika pa lintala, ndipo mmisiri wa magetsi anawapatsa kotesheni miyezi inayi yapitayo. Tsopano wabwera ndi pepala lina, mtengo wakwera, chifukwa chake akuti "misonkho ya katundu wakunja". Funso lawo ndi lakuti: kodi akundibera?

Mayi, mwina sakukuberani, koma musavomere mawu akuti msonkho ngati bulangete lofunda chilichonse. Tengani pepalalo, muliwerenge mzere ndi mzere.

Poyamba, za msonkhowo. Katundu akafika pachipata, kaya ku Mwanza, ku Dedza kapena ku Marka kuno kwathu, a MRA sawerengera msonkho pa mtengo umene wamalonda anagulira wokha. Amaphatikiza ndalama ya mayendedwe ndi inshuwalansi, msonkho n'kukhala pamwamba pa zonsezo, kenako VAT n'kudzakhalanso pamwamba pa msonkhowo. Tiyerekeze kuti waya wafika pachipata ali wa K1,000,000 ndipo msonkho wake ndi 25 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti VAT iwerengedwa pa K1,250,000. Msonkho wabala mwana. Mwini sitolo ku Limbe aikapo phindu lake, galimoto itsike phiri la Chikwawa, idutse Dyeratu ndi Nchalo, ndipo pofika pa Ngabu wayayo wasenza anthu ambiri. Wolipira zonsezo ndi inu.

Koma si katundu yense amalipira chimodzimodzi. Malawi ali mu SADC ndi COMESA, choncho zopangidwa ku South Africa kapena ku Zambia, zikakhala ndi chikalata chotsimikiza kumene zinapangidwa, zambiri zimalowa pa msonkho wotsika kapena wopanda. Za ku China ndi ku India zilibe mwayi umenewo. Ndiye funsani mmisiri wanu kuti waya, mabuleka ndi masoketi akewo ndi ochokera kuti. Wodziwa ntchito ayankha osakanda m'mutu.

Chimene ine ndimachiona n'chakuti anthu amatchula msonkho pomwe chawaluma ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Wamalonda amene wasowa madola kubanki amakawagula kumbali pa mtengo wokwera, ndipo mtengo umenewo ndi umene umakapezeka pa shelefu. Msonkho ukhoza osasintha ngakhale pang'ono chaka chonse, koma waya n'kumakwera mwezi ndi mwezi. Nanga zija mukumva pa wailesi, kuti America yakweza misonkho ya zitsulo kufika pa 50 pa 100 mu 2025? Imeneyo amalipira ndi olowetsa zitsulo ku America. Ingagwedeze mitengo ya dziko lonse pang'ono, koma si imene yakweza soketi ya pa Ngabu.

Pa pepala lanulo kapena la omanga nyumba, mizere ya waya wa kopa, mabuleka, bokosi la mabuleka, malata ndi zitsulo za lintala ikakwera, n'zomveka. Simenti ili pakatikati: timapanga konkuno, ku Kasungu, ku Mangochi ndi ku Blantyre, koma ina imachokera ku Zambia, ndipo mafakitale athu amafunabe zipangizo zina zakunja. Koma mchenga wa mumtsinje wa Mwanza kapena njerwa zowotcha kuseri kwa nyumba sizinadutse pachipata chilichonse. Zikakwera, akuuzeni kuti ndi dizilo wa thirakitala, osati MRA. Ndalama ya manja ake nayo mmisiriyo aitchule payokha. Akafuna kuikweza chifukwa ufa wakwera, anene choncho. Palibe manyazi pamenepo.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si mmisiri amene wakweza mtengo ayi, koma amene sanakweze. Zinthu zikadula, msika umadzaza ndi waya wachinyengo. Ine ndinagwa nazo pokonza nyumba ya mayi anga ku Bangula. Ndinagula mpukutu wa waya wolembedwa saizi ya 2.5, wotchipa bwino, ndikudziona wochenjera. Mmisiri atafika anausenda, n'kupala ndi mpeni kawiri kokha. Kufiira kuja kunachoka, m'kati munatuluka zoyera ngati supuni. Aluminiyamu wopaka kopa pamwamba. Titautambasula pabwalo, sunakwane n'komwe mamita 100 olembedwa pa pepala. Wa sitolo uja anangoti katundu wotsegula sabwezedwa.

Kuno kuchigwa waya wotere ndi woopsa kuposa ku Mulanje kapena ku Dedza. Mu October kunja kukafika madigiri 40, pansi pa malata pamakhala ngati uvuni, ndipo waya wotentha kale sunyamula magetsi ochuluka monga wa pamalo pozizira. Lumikizani firiji, fani ndi hotipuleti pa waya wopyapyala, pulasitiki yake iyamba kufewa m'paipi momwe simukuona.

Ndiye chitani izi. Muuzeni mmisiri wanu akupatseni mndandanda wa zipangizo wopanda mitengo, muimbire masitolo awiri kapena atatu ku Nchalo ndi ku Limbe, mufanizire. Ngati ndalama ilipo, gulani waya ndi mabuleka panopa, mupite naye limodzi akasankhe yekha, risiti ikhale m'dzina lanu. Mugwirizane polemba kuti kotesheni ikhala masiku angati isanasinthe. Muonenso chiphaso chake cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chifukwa a ESCOM podzalumikiza amafuna mapepala osainidwa ndi mmisiri wovomerezeka.

Ndalama ikapelewera, ikani mapaipi onse m'khoma musanapake pulasitala, mukoke waya wabwino m'zipinda ziwiri zokha. Chachitatucho chidikire mukolole thonje kapena chitowe.