Mawanga a masamba pa konkire watsopano

Mayi wina wa ku Area 47 wanditumizira imelo yodandaula kuti konkire amene anathira masabata awiri apitawa, kuyambira pageti mpaka pagalaja, wadzaza mawanga ofiirira ooneka ngati zithunzi za masamba. Mvula yoyamba itagwa, masamba a bulugamu ndi maluwa a jakaranda anagona pamenepo usiku wonse, ndipo mmisiri wina wawalangiza kuti atsukepo ndi asidi.

Mayi, asidiyo musamuyerekeze n'komwe. Konkire amatenga masiku pafupifupi 28 kuti akhwime bwino, ndipo asidi, ngakhale viniga wa kukhitchini, amadya simenti wa pamwamba n'kusiya mchenga poyera, moti banga limene likanatha lokha limasanduka chilema chosatha.

Chimene chadetsa konkire wanuyo ndi tannin, utoto wachilengedwe wopezeka m'masamba ndi m'makungwa a mitengo, womwewo umene umasiya mzere wofiirira m'kapu ya tiyi. Masamba akanyowa utotowu umasungunuka, ndipo konkire wosakhwima amaumwa mosavuta chifukwa ali ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Ubwino wake ndi wakuti sulowa patali, komanso dzuwa limaufufuta pang'onopang'ono.

Pakadali pano sesani tsiku lililonse, makamaka madzulo kumwamba kukachita mdima, ndipo mukatsuka gwiritsani ntchito madzi ndi sopo wotsukira mbale basi. Masiku 28 akakwana, sungunulani sopo waufa m'ndowa ya madzi ofunda, muthire pa mawangawo, mudikire mphindi 15 osalola kuti paume, kenako mukweche ndi burashi ya pulasitiki. Burashi ya waya ayi: tizidutswa take timatsalira m'konkire n'kuchita dzimbiri, ndipo ndinaonapo khonde limene mawanga ake a masamba anatha koma timadontho ta dzimbiri tilipo mpaka lero.

Mawanga akakanika, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 10 a madzi. Yambani mwayesa pakona yobisika, muvale magolovesi, ndipo ntchitoyi muigwire m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa masana a Novembala kuno ku Lilongwe madzi amauma musanamalize kukwecha. Jik musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, popeza mpweya umene umatuluka ndi wakupha. Potsukuluza thirani madzi ambiri, muwalozetse kungalande osati kukapinga kapena kumaluwa anu.

Makina otsukira galimoto aja, opopera madzi mwamphamvu, aziyamba adikira, chifukwa amakanda konkire wanthete. Ngati mitengoyo simukufuna kuisadza, konkire akauma bwino mupakepo sealer, mankhwala otseka timabowo ta konkire, amene amapezeka m'mashopu a zipangizo zomangira, kuti utoto wa masamba uzitsalira pamwamba pomwe madzi ndi tsache zingaufikire.