Mowa wa pa sadaka ya bambo

Mayi wina wa ku Thyolo wandilembera kalata yofunsa ngati kungakhale kulakwa kukana kusonkha chimanga cha mowa wa pa sadaka ya malemu bambo ake, popeza mpingo wake umaletsa mowa pomwe amalume ake akuumirira kuti mwambo sungatheke popanda mowawo.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa ndinakulira pakhomo pofululidwa masese ku Mulanje. Agogo anga aakazi ankanyika mawere m'madzi n'kuwafunditsa masamba a nthochi mpaka atamera, kenaka ankayanika chimeracho ndi kuchisinja, ndipo pankapita masiku angapo mowa usanapse. Mowa wotere sunkafululidwa wamba. Unali wa dima, pamene anthu athandizana kulima munda wa mnzawo, wa pa chinamwali, kapena wothirira nsembe kwa mizimu mvula ikachedwa. Wofulula ankayamba walawa pamaso pa onse, chipanda chinkayambira kwa akuluakulu, ndipo mnyamata wosakwatira sankayerekeza n'komwe kukhala pabwalopo.

Ine ndimakanitsitsa zoti mowa umenewo ndiwo wapasula mabanja kuno. Wapasula mabanja ndi mowa wogulitsidwa tsiku ndi tsiku, umene sudikira mwambo kapena chilolezo cha wamkulu. Mudzapite ku Luchenza kapena ku Chitakale tsiku limene othyola tiyi alandira malipiro, mukaone kachasu akuthiridwa m'timabotolo dzuwa lisanafike paliwombo, amayi ali chilili pamsewu kudikira kuti alandeko ya ufa isanathe. Kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, koma mowa wa m'botolo sunali wa munthu wamba. Umene unafika mpaka kwa ana asukulu ndi wa m'masacheti otsika mtengo aja, amene boma linaletsa mu 2015. Zimandiwawa kuti alaliki ena akamadzudzula uchidakwa amaloza chala mbiya ya agogo, ngati kuti ndiyo inabweretsa zonsezi.

Tsono muchite chiyani?

Musanyanyale sadakayo, ndipo musawayankhe amalume anu pagulu. Apezeni paokha mwambo usanayandikire, muwafotokozere mwaulemu kuti chimanga chanu chipite ku nsima ndi ku thobwa, limene limaphikidwa ndi chimera chomwecho koma limamwedwa lisanasase. Amene akufuna kufulula asonkhe okha, ndipo inu mukagwire ntchito kumoto pamodzi ndi abale anu.