Kodi ndi Gifu kapena Jifu? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Namwera

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa maphunziro a kompyuta pa sekondale ina ya ku Namwera, ndipo funso lake ndi ili mwachidule: "Ndikuphunzitsa za mitundu ya mafayilo a zithunzi ndinatchula GIF kuti gifu, koma mnyamata wina wa Fomu 3 anaimika dzanja n'kunena kuti katchulidwe koyenera ndi jifu, kalasi yonse n'kuseka. Kodi wolakwa ndani, ine kapena mwanayo?"

Aphunzitsi, pepani chifukwa cha manyazi amene munawaona tsiku limenelo, koma dziwani kuti mkangano umene unabuka m'kalasi mwanuwo ndi wakale kuposa mwanayo, ndipo eni Chingerezi nawonso sanaumalize. Nonse awiri muli ndi poimira.

GIF ndi chidule cha mawu akuti Graphics Interchange Format, ndipo mtundu wa fayilowu unatuluka mu 1987 ku kampani ya ku America yotchedwa CompuServe, pansi pa utsogoleri wa katswiri wina dzina lake Steve Wilhite. Masiku amenewo intaneti inali yoyenda pang'onopang'ono zedi kudzera pa mawaya a telefoni, choncho panafunika njira yochepetsera kukula kwa chithunzi kuti chisamachedwe kufika. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene GIF simatha kusunga mitundu ya utoto yoposa 256 pa chithunzi chimodzi. Tizithunzi toyenda mobwerezabwereza timene timatumizirana pa WhatsApp tinatchuka pambuyo pake, fayiloyi itakonzedwanso mu 1989 komanso pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ya Netscape itayamba kutizunguliza mosalekeza mu 1995.

Mwana wanuyo anawerenga zoona. Wilhite ankanena kuti dzinalo litchulidwe ndi j, ndipo anzake a ku CompuServe ankaligwirizanitsa mwanthabwala ndi Jif, dzina la chiponde cha m'mabotolo chotchuka ku America. Mu 2013, polandira mphoto ya za intaneti yotchedwa Webby ku New York, m'malo molankhula iye anangoonetsa pa sikirini mawu onena kuti dzinalo limatchulidwa JIF osati GIF, ndipo anthu anakangana pa intaneti kwa masiku angapo. Chaka chotsatira Barack Obama, ali pulezidenti, ananena kuti iye amatchula ndi g ngati wa m'mawu athu akuti galu. Wilhite anamwalira mu 2022 asanasinthe maganizo, pamene dikishonale ya Oxford imavomereza matchulidwe onse awiri.

Gwero la vutoli ndi chilembo cha g m'Chingerezi, chimene chili ndi malilime awiri chikatsatiridwa ndi i kapena e. Taganizirani mayina awiri amene sasowa m'kaundula wa sukulu iliyonse kuno ku Mangochi: Gift timamuitana Gifiti, koma George timamuitana Joji, chonsecho onse akuyamba ndi chilembo chimodzi. Mngerezi akaona GIF alibe lamulo lomuuza kuti atsatire Gift kapena atsatire George, ndiye aliyense amangotengera mawu amene amubwerera msanga m'mutu. Ambiri amatengera gift, chifukwa mukachotsa t wakumapeto mwatsala ndi GIF.

Pali mfundo imodzi imene a mbali ya gifu amaikonda kwambiri, ndipo ndikupemphani kuti musaigwiritse ntchito m'kalasi, chifukwa mwana wochenjera ngati ameneyo adzakugwetsani nayo kachiwiri. Iwo amati popeza G akuimira graphics, ndiye kuti ayenera kumveka monga amamvekera m'mawu amenewo. Zikanakhala choncho, JPEG, mtundu wina wa mafayilo a zithunzi, tikanamaitchula jeyifegi, pakuti P wake akuimira photographic, mawu oyamba ndi liwu la f. Palibe amene amatero. Chidule chikasanduka mawu chimayamba moyo wakewake, ndipo sichifunsanso kwa mawu amene chinachokerako.

Koma mfundo ya a mbali ya jifu, yakuti mwini wake ananena, nayonso siimaliza mlandu. Wobereka mwana ndiye amatcha dzina, zimenezo sitikana, koma mudzi ndi umene umaitana. Mzinda wa Blantyre unatchedwa potengera kwawo kwa David Livingstone ku Scotland, koma agogo athu amati Bulantaya ndipo basi imawafikitsa ndithu. Chitsanzo china chili pafupi ndi nkhani yathuyi: amene anapanga mtundu wa mafayilo a zithunzi wotchedwa PNG chapakati pa zaka za m'ma 1990, pothawa mkangano wa ndalama umene kampani ya Unisys inayambitsa pa njira yopanikizira mafayilo a GIF, analemba m'malamulo a fayiloyo kuti dzinalo lizitchulidwa ping. Ine chiyambireni kugwira kompyuta sindinamvepo munthu akutero. Pa malo osindikizira zithunzi ndi makhadi a ukwati pa boma pano, aliyense amati pi-eni-ji, ndipo mutapita n'kukanena kuti mwabweretsa ping pa fulashi, angakuyang'aneni ngati mwasochera.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa inu simuphunzitsa ku London. M'Chichewa chilembo cha g chili ndi liwu limodzi lokha, la m'mawu akuti gule, gogo ndi galimoto, ndipo liwu linalo lili ndi chilembo chakechake, cha m'mawu akuti jekete ndi juzi. Tikabwereka mawu amene tinayamba kuwamva ndi khutu, timawalemba monga tinawamvera, n'chifukwa chake tili ndi injini, Jeremani ndi galaja, onse okhala ndi j pamene Chingerezi chili ndi g. GIF sinatifike choncho. Inatifika ndi maso, ngati zilembo zitatu pa kabatani ka pa foni, popanda munthu wotiuza katchulidwe kake, ndipo munthu amene anaphunzira a e i o u m'Chichewa kapena m'Chiyao akaona g amatchula g. Kenaka timaika u kumapeto, monga tinachitira ndi hafu ndi shelefu, pakuti mawu athu sathera pa konsonanti. Gifu wanuyo, aphunzitsi, sanachokere ku umbuli; anatsata njira imene chinenero chathu chimatsata nthawi zonse.

Ine ndimati gifu, ndipo sindikuona chifukwa chosinthira. Ndikanena jifu kwa mnzanga wa ku Monkey Bay amene timatumizirana tizithunzi toseketsa ta mpira, ayamba wandifunsa kuti ndikutanthauza chiyani, kenaka ndidzafunika kutchula zilembozo chimodzichimodzi, kutanthauza kuti katchulidwe kolemekeza mwini wakeko kandichedwetsa m'malo mondithandiza. (Kunena zoona, zambiri zimene timazitcha gifu pa WhatsApp si GIF n'komwe, koma timavidiyo tating'ono ta MP4 topanda mawu, chifukwa timeneti timadya bandulo yochepa. Tikukangana za dzina la chinthu chimene nthawi zambiri sichili m'foni mwathu.)

Za m'kalasimo, malangizo anga ndi akuti mubwererenso ku nkhaniyi m'malo moisiya ngati bala. Muuzeni mnyamatayo pamaso pa anzake kuti anafufuza bwino ndipo Wilhite anali kumbali yake, kenaka mulembe pa bolodi Gift ndi George, JPEG ndi PNG, muwafunse anawo kuti atchule lililonse ndi kufotokoza chifukwa chake. Akadzapita ku koleji kapena kukagwira ntchito ndi anthu akunja adzakumana ndi matchulidwe onse awiri, ndiponso ena amene amangotchula zilembo kuti ji-ayi-efu, choncho ndi bwino awadziwiretu onse kuti asadzadabwe. Pa mayeso a MSCE adzalemba ndi cholembera, ndipo pepala silimva katchulidwe. Chimene chingawapatse malikisi ndi kudziwa kuti zilembo zitatuzo zikuimira chiyani, ndiponso chifukwa chimene chithunzi cha dzuwa likulowa pa nyanja chimaoneka chamawangamawanga mukachisunga ngati GIF pamene mu JPEG chimatuluka bwino. Yankho lake ndi mitundu 256 ija.