Mapazi akatupa musadikire, thamangani naye

Achemwali amene mwafunsa pagulu lino za mwana wanu wotupa mapazi, musadikire Lolemba, musadikirenso kuti bambo ake abwere kaye. Mwana wa chaka ndi miyezi wotupa mapazi, tsitsi likufiira, chakudya akukana, ameneyo ndi wakuchipatala lero lomwe. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala kadzenje ndiye kutupikana kumeneko, kunyentchera kwenikweni ngakhale akuoneka ngati wanenepa. Ndipo inu amene mukulemba za tsempho m'munsimu, chonde siyani, mwandikumbutsa zowawa.

Wanga anayamba chonchi. Apongozi anga atangodziwa kuti ndaimanso anamuchotsa kubere tsiku lomwelo, ati mkaka wawonongeka umupha. Anamutenga kuti azigona kwawo. M'mawa phala la ufa woyera lopanda kanthu, masana kansima konyowetsa mumsuzi, basi. Mazira ankuku zawo ati mwana sadya. Atayamba kutupa mlandu wonse unagwera ine, ati ndathira mchere ndili wotentha, ati ndayenda njira zachibwana. Mwana wawo, mwamuna wanga, amene ankabwera mbandakucha kuchokera kumowa sanamufunse ngakhale liwu limodzi! Apongozi anapita ndi mwana wanga kwa sing'anga ine ndili kudimba, anakamutema mphini m'mapazi otupa aja, mabala osapola, kumangochucha madzi.

Usiku umene sindidzauiwala ndi umene anasiya kulira. Masiku onse ankangonyinyirika, koma usiku umenewo zii. Ndinamugwira manja, ozizira. Maso otseguka pang'ono, osandiyang'ana. Pomunyamula khungu la kuntchafu ndi kumatako linasupuka n'kukakamira pachitenje. Ndinagogoda kwa mnyamata wakabaza mimba ili apo, mvula ikuwaza, ndinamubereka kutsogolo kuti ndizimva ngati akupuma. Njira yonse ndinkangoika tsaya pamphuno pake. Apongozi anatsala ataima pakhomo, akukuwa kuti jakisoni akamumaliza chifukwa matenda ake ndi achikuda.

Titafika, namwino amene tinamupeza anayamba ndi kundikalipira pamaso pa anthu, ati ndinali kuti nthawi yonseyi, ati azimayi ife timangodziwa kubereka. Ine ndanyowa, ndikunjenjemera, mwana ali lenguu m'manja. Mpaka lero ndikamukumbuka mayi ameneyo mtima umanditentha. Anatigoneka ku NRU, kuwodi ya ana onyentchera. Anamuika kapaipi m'mphuno chifukwa kumeza kunkamukanika, kumamupatsa mkaka wapadera wa ana onyentchera wotchedwa F-75 pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe osalumpha. Ndinkapempha kuti ndimupatseko phala, anandikaniza, ati thupi likafooka chonchi chakudya chambiri mwadzidzidzi chimalemetsa mtima. Anati ndizimufunditsa ndi kumukhazika pachifuwa, poti ana oterewa amapita ndi kuzizira komanso kutsika kwa shuga. Mwana wapabedi loyandikana nalo anatisiya ine ndikuona, mayi ake akungomugwedeza. Kenaka sikelo ya wanga inayamba kutsika, ndinalira kuti nayenso akupita, kumeneko kunali madzi otupitsa aja akuchoka. Mkati mwa zonsezi apongozi anatulukira ndi kabotolo ka mankhwala awo atakabisa pansi pa nsima m'basiketi. Ndinakataya m'chimbudzi iwo akuona, mpaka pano sitilankhulana bwino.

Anachira. Anayamba F-100, mkaka wamphamvu kuposa woyamba uja, kenaka chiponde chakuchipatala cham'mapaketi, tsiku lina anangolanda paketi n'kumanyambita yekha. Pano ali kusukulu.

Ndiye pitani, anamwino amadziwa ntchito yawo ngakhale si onse amene amalandira bwino, musaope. Wina akakalipa mezani, mwapitira mwana. Tengani kabuku kake kakusikelo, chitenje chowonjezera, kapu ndi bulangete. Akamuyeza ndi katepi kapamkono, pofiira ndi pansi pa masentimita 11.5, koma wotupa amathandizidwa ngakhale tepi isafike pofiira, musalole kubwezedwa osamudinikiza mapazi. Akapempha kuyeza magazi a HIV kapena chifuwa chachikulu lolani, nthawi zina gwero limakhala kumeneko. Chiponde ndi chaulere ndipo ndi mankhwala, si chogawira akulu ake kapena chopaka pabuledi wa bambo, ndipo amafunika madzi abwino akumwa pambali.

Ngati akadali kubere musamuchotse, ngakhale mutakhala ndi pakati. Mukabwerera kunyumba phala likhale lamgaiwa, lolimbako, lotsira nsinjiro kapena ufa wa soya, kasupuni ka mafuta, tsiku lina dzira, tsiku lina usipa wosinja, chisoso kapena nkhwani zopota, nthochi, papaya. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amene alangizi azaumoyo amaimba kusikelo safuna ndalama zambiri ayi. Mwana akhale ndi mbale yakeyake, asamalimbirane ndi akulu.

Komanso musakangane ndi akuluakulu apakhomo, amafunika, ndi amene adzakusungireni ana ena inu muli kuchipatala. Auzeni mwaulemu kuti mukupita, akakana pitanibe. Ngati transipoti yavuta lembani pompano dera limene muli, gulu lino lili ndi anthu, ine ndiyamba kuponyapo kangachepe.