Mpamba wanga wathera m'manja kawiri: vuto ndi maganizo anga?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Mpamba wanga watha kawiri konse, ndipo pano ndikuyambiranso ndi ndalama ya ku banki mkhonde. Mng'ono wanga amanditumizira mavidiyo pa WhatsApp a anthu onena kuti umphawi uli m'mutu, ukaganiza ngati wolemera ulemera. Apongozi anga akuti alipo amene akundiba ndi chitaka pamsikapo. Ndimvere ziti?

Yankho: Mayi, zikomo polemba. Nkhani yamaganizoyo ndi yoona ndithu, koma osati momwe akuikambira amavidiyowo. Munthu wavala suti, waima pafupi ndi galimoto, akuti "khulupirira basi", iyeyo sanatsegulepo thumba la kabichi n'kupeza mitu isanu yawolera pansi. Za chitaka sindikangana ndi apongozi anu. Ngati mumaika kakhala m'kachitini ka ndalama, kasiyeni momwemo. Koma chitaka chimene ndachiona chikugwetsa amalonda ambiri chimalowa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mwini wake amachitsegulira yekha.

Taganizirani tsiku limodzi pamsika. Basi yochokera ku Lilongwe yaima pa M1, mwathamanga ndi chidebe, mwagulitsa pawindo, ndalama mwamanga pansonga ya chitenje. Mwana wabwera kuti kusukulu akufuna ya mayeso, mwamasula. Mlamu wanu wapatuka, watenga ndowa ya mbatata, akuti "ndikuonani pakutha pamwezi". Kasitomala wadandaula, mwamuikira banyira wodzadza manja awiri. Madzulo mwagula ndiwo ndi sopo, mwalipira wakabaza. Pofika kunyumba mtima uli m'malo poti lero zayenda, chonsecho simukudziwa kuti pa ndalama mwamasulazo ya phindu inali iti, ya mpamba inali iti. Zikatero mwezi wathunthu, thumba lomwe munkaoda lathunthu mumayamba kuoda latheka.

Kusintha maganizo kumene ndikukupemphani n'koti muleke kuona ndalama ya pachitenjepo ngati yanu. Ndi ya bizinesi, inu ndinu wantchito wake. Dzilembeni ganyu: sankhani ndalama yomwe muzidzilipira patsiku, ndipo ndiwo, sopo ndi zasukulu zizichokera pamenepo. Yotsalayo isagone m'nyumba momwe aliyense akuiona. Iikeni ku Airtel Money kapena ku Mpamba wa TNM, kungoti muziwerengeranso kuti potapa amadula kenakake, ndiye musamatape kawirikawiri.

Kenako kope. Lakusukulu lomweli likwanira. Tsamba lililonse likhale la thumba limodzi: mwaoda zingati kwa mlimi, mwanyamulitsa zingati kuchokera ku Tsangano, tikiti ya msika, zowola zomwe mwataya, ndi zomwe mwapeza thumbalo litatha. Anthu ambiri amathawa kope osati chifukwa masamu ndi ovuta, koma amaopa zomwe liwauze. Ineyo ndinachitapo zomwezo pa kagolosale kanga koyamba, miyezi ingapo ndikudzinamiza kuti katundu akuchepa chifukwa nyengo ndi yovuta.

Pali chinanso chomwe mwina chinadya nawo mpamba wanu popanda inu kulakwa kwenikweni. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta ndi feteleza zitakwera, mlimi ndi wagalimoto anakweza mitengo yawo. Wamalonda amene anapitiriza kugulitsa potengera mtengo womwe anaodera dzana ankaona ngati akupindula, koma atabwerera kukaoda ndalama sinakwane thumba. Choncho mtengo wanu uziyang'ana kutsogolo: musafunse kuti "ndinagula zingati", funsani kuti "mawa ndikagula zingati". Imbirani foni alimi awiri kapena atatu musanayale malonda.

Chovuta kwambiri ndi abale, ndipo apa mpomwe mtima umayesedwa. Kwathu kuno kukaniza mlamu ngongole kumaoneka ngati kudzimva, ndipo mumaopa kuti pamaliro adzakunenani. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna. Simukuyenera kukhala wouma mtima. Ngati mukufuna kuthandiza, patsani kuchokera pa malipiro anu aja, muuzeni kuti ndi mphatso, nkhani ithere pomwepo. Akafuna za pamulu, yankho muli nalo kale ndipo si bodza: "Ndalamayi ndi ya gulu, ndikubweza ndi chiwongoladzanja." Amayi anzanu a ku banki mkhonde sadzamva zoti mlamu sanalipire.

Ndipo poti ndalamayi ndi yangongole, musathamangire kuonjezera tomato ndi anyezi chifukwa mnzanu wapafupi akugulitsa. Tomato sachedwa kuwonongeka, pomwe mbatata imapirira masiku angapo ikakhala pamthunzi pouma. Katapila ndiye musamuyandikire, ngakhale tsiku lobweza kugulu litakupanikizani. Ndi bwino kukawauza anzanuwo zoona nthawi ikadalipo.

Lembani matumba anayi otsatizana, osadumpha ngakhale tsiku loipa, kenako mundilemberenso. Mundiuze thumba lomwe linapindula kwambiri, lomwe linaluza, ndi ndalama zonse zomwe zidakali m'manja mwa anthu okutengani pangongole.