Katundu ndimamugulitsa pa foni ndisanakwere basi

Achemwali, mwafunsa kuti geni yathu ya pakati pa Malawi ndi Harare ikuyenda bwanji masiku ano, komanso ngati mulipire mnyamata amene akufuna kukupangirani webusaiti. Ndalamayo isungeni kaye, ndikuuzeni mmene ine ndimachitira.

Kale tinkapikula katundu ku Limbe mongoganizira, n'kudzamuyala kuno ku Harare kudikira wodutsa, mpamba uli gone m'zikwama. Pano pomwe ndikunyamuka pa Roadport, pokwerera mabasi opita kunja kuno ku Harare, ndimakhala ndikudziwa kale kuti zitenje izi n'za amayi amvano a CCAP, mpunga wa Kilombero ukupita ku Highfield, usipa ndi tsabola wa Nali akudikiridwa ku Mufakose, madera a mu Harare momuno. Maoda onsewa amabwera pa WhatsApp. Makasitomala anga ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye mukawatumizira linki ya kwina satsegula n'komwe.

Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo muli malo oikamo zithunzi za katundu yense ndi mitengo yake. Koma zithunzizo muzisamale, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Chitenje muchiyanike panja m'mawa dzuwa lisanakwiye, muchijambule chonse, kenako muyandikire kuti maluwa ndi ulusi zioneke. Chojambulira m'nyumba usiku chimasintha mtundu: chofiirira chimaoneka chakuda, munthu pochilandira n'kunena kuti mwamupusitsa. Mpunga muutape m'dzanja, aone kuti si wosweka. Ndipo mtengo mulembe pompo. Zomati "ndifunseni kumbali" zimathamangitsa anthu, makamaka amanyazi amene akuopa kuti akafunsa n'kulephera kugula achita manyazi. Munenenso ngati mtengowo ndi wa madola a ku America kapena wa ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe imene inayamba mu April 2024, kuti pasadzakhale kukangana pa tsiku lolipira.

Status ya pa WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, choncho muziikapo kanthu tsiku lililonse. Ine ndikafika m'shopu ku Limbe ndimajambula kavidiyo kakafupi ka zitenje zimene zangofika. Ndisanatulukemo ena amakhala atasankha kale. Wosankha amapereka theka, pa EcoCash (njira ya kuno yotumizira ndalama pa foni) kapena pamanja kwa mwana wanga kunyumba, ndipo wosapereka sindimugulira ngakhale tizipemphera mpingo umodzi. Facebook imandithandiza kupeza anthu atsopano, koma malonda enieni amakathera pa WhatsApp pomwepo.

Chimene foni singakuchitireni ndi msewu. Kuchoka ku Blantyre mudutsa Mwanza ndi Zobue, muwoloke Zambezi pa Tete, mufike Cuchamano, kenako Nyamapanda, chipata cholowera m'Zimbabwe. Paliponsepo basi itha kuchedwa, ndiye musamalonjeze munthu ola. Muuzeni tsiku, ndipo mukachedwa mulembereni asanayambe kukusakani. Pa Nyamapanda a ZIMRA, otolera msonkho m'Zimbabwe, amafuna muonetse zonse mwanyamula, malisiti ali m'manja. Mufunse za ndondomeko ya COMESA (mgwirizano wa zamalonda wa maiko a dera lino) yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, imene Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anayamba mu 2010: katundu wopangidwa m'maikowa amene ali pa mndandanda wogwirizana amadutsa ndi mapepala ochepa. Zakudya zili ndi zilolezo zakezake, mufufuze musanagule thumba ngakhale limodzi. Msonkho, thiransipoti ndi wonyamula zonse zilowe mu mtengo musanauike pa foni, poti kukweza mtengo munthu atapereka kale theka kumapha dzina.

Tsono za webusaiti. Sindikuikana, ili ndi nthawi yake: mukayamba kugulitsa kwa eni mashopu, kapena kwa abale a ku Joni ndi ku UK ogulira makolo awo kuno, amafuna poona kuti ndinu munthu wokhazikika. Ikafika nthawiyo muuzeni mnyamatayo kuti ikhale yopepuka, yotseguka msanga pa foni yotchipa. Zithunzi zikuluzikulu zimadya data ya kasitomala, amatseka asanaone kanthu. Pamwamba penipeni pakhale zimene mumagulitsa, mitengo, kumene mumapezeka, ndi batani loti akadina alowe pa WhatsApp panu. Mulembe m'Chingerezi ndi m'Chishona, chifukwa adzukulu a Amalawi obadwira kuno ambiri Chichewa amangochimva, kuwerenga amavutika. Dzina la webusaitiyo limalipiridwa chaka ndi chaka, ndiye lilembetsedwe m'dzina lanu, mawu achinsinsi olowera musunge nokha. Ndaonapo mnzathu akulira wopangayo atasowa nazo zonse.

Panopa yambani ndi zitenje zochepa za mitundu yosiyana, muzijambule bwino, muone zimene anthu akufunsa kwambiri. Mukakonzeka mundiuze, ulendo woyamba tidzakwerere limodzi ndikakuonetseni pogula ndi mmene timalembera mapepala pa Nyamapanda.